Woimbitsa Kwaya Monga Woyang'anira: Zimene Tiphunzira m'Mbiri ya Makwaya a Paulendo, 1871-2000

1. Mau Oyamba

Aliyense amene anakhalapo m'kwaya ya pa sukulu kapena ya ku chalichi adziwa kuti nchito ya woimbitsa siithera pa kugwedeza manja kutsogolo kwa oimba. Munthu yemweyo ndiye amene amakapempha cilolezo kwa makolo kuti ana apite ku mpikisano, amafunafuna galimoto, amasonkhetsa ndalama za yunifomu, amaweruza oimba awiri akayambana, ndipo ulendo ukasokonekera ndiye amaitanidwa kukayankha mafunso. Komabe pokonzekeretsa oimbitsa timathera nthawi yathu pa kuwerenga manotsi ndi kusanja mau, pamene za kasamalidwe ka anthu ndi ka cuma timazisiya kuti munthu akazionere yekha.

Colinga ca nkhani ino ndi kuonetsa, potsata mbiri, kuti mbali yosiyidwayi ndiyo imene imasunga kwaya kapena kuiphwasula. Tasankha makwaya a paulendo cifukwa paulendo ndi pamene udindo umenewu umaonekera poyera: oimba ali kutali ndi kwao, sangangonyamuka kubwerera kunyumba akakhumudwa, ndipo cakudya cao, pogona pao ndi thanzi lao ziri m'manja mwa amene akuwatsogolera. Tiyambira ku Nashville, ku Amereka, m'caka ca 1871. Tidzera ku Kimberley ndi ku Ohlange, ku South Africa. Ndipo titsirizira ku Kalingalinga, mu Lusaka. Makwaya onse amene tiwachule ankaimba bwino kwambiri, ndipo palibe imodzi imene inagwa cifukwa cosowa luso. Pa iriyonse tifunsa mafunso atatu: anasunga thumba ndani, wosunga thumbayo ankayankha kwa yani, ndipo woimba akakhala ndi dandaulo ankapita nalo kuti.

2. Maina a Udindowu m'Cinyanja

Tisanalowe m'mbiri, ndi bwino tione mau amene timagwiritsa nchito. Liu lakuti kwaya tinalibwereka ku Cingerezi, ndipo linakhazikika m'gulu la maina monga sukulu, amene pocurukitsa amatenga ma-: sukulu, masukulu, kwaya, makwaya. Pamodzi nalo panabweranso dzina lakuti kwayamasita, limene likumveka m'mipingo yambiri kufikira lero. Dzina limeneli siliulula ciriconse ca nchito ya munthuyo. Maina ocokera ku aneni athu ndiwo amene amaiulula.

Woimbitsa licokera ku mneni -imba atalandira msintho wocititsa -its-, ndipo tanthauzo lake ndi munthu amene acititsa ena kuimba. Woyendetsa licokera ku -yenda mwa njira yomweyo. Maina awiriwa aika mphamvu yonse mwa wocititsayo, ndipo enawo angokhala ocititsidwa. Woyang'anira ndi losiyana nao, pakuti licokera ku -yang'ana atalandira msintho wocitira -ir-. Woyang'anira munda sakhala mwini munda. Ayang'ana m'malo mwa wina, ndipo tsiku lina mwini wake adzamufunsa za zokolola. Motero cinenero cathu cinasiyanitsa kale mitundu iwiri ya utsogoleri, wina wolamula ndi wina wosungira ena cinthu cimene si cako.

M'magule a makolo athu maudindo awiriwa sanali kuunjikidwa pa munthu mmodzi. Mai woyambitsa nyimbo pa citelele ali ndi mphamvu pa nyimboyo pokha. Ikatha, abwerera m'bwalo monga anzake. Za malo, za cakudya ndi za milandu ziri ndi eni ake, monga mwini mzinda pa gule wamkulu kapena anamkungwi pa cinamwali. Kwaya monga tiidziwa lero inabwera ndi amishoni ndi sukulu, ndipo inabweretsa munthu wacilendo m'cikhalidwe ca nyimbo zathu, amene aimirira yekha kutsogolo, asankha nyimbo, asankha oimba, ndipo kawirikawiri asunganso ndalama. Mbiri ya munthu ameneyu ndiyo tiitsate tsopano.

3. George White ndi Oimba a ku Fisk

Sukulu ya Fisk inatsegulidwa ku Nashville, m'cigawo ca Tennessee, m'caka ca 1866, ndi bungwe la American Missionary Association, kuti iphunzitse anthu akuda amene anali atangomasulidwa ku ukapolo. Pofika 1871 sukuluyo inali pafupi kutsekedwa cifukwa ca ngongole. George White, mzungu amene anali msungicuma wa sukuluyo komanso mphunzitsi wa nyimbo, anaganiza zotenga ophunzira oimba bwino kupita nao kumpoto kwa dzikolo kukafuna thandizo. Ananyamuka pa 6 Okutobala 1871 ndi oimba asanu ndi anai, atatenga pafupifupi ndalama zonse zimene zinatsala m'thumba la sukulu.

Miyezi yoyambirira inaonetsa kuti nchito yaikulu ya White sinali ya nyimbo. Ndalama zocepa zimene anapeza ku Cincinnati anazipereka kwa anthu amene anaonongekeredwa ndi moto waukulu wa ku Chicago wa mwezi womwewo. Mahotela ambiri anakana kugoneka anthu akuda, ndipo White ankayenda khomo ndi khomo kufuna pogona. Cisanu cinawapeza ena alibe zovala zoyenera. Ngakhale cosankha cake cacikulu pa za nyimbo cinali ca uyang'aniri: ataona kuti omvera akhudzidwa kwambiri ndi nyimbo zauzimu za akapolo koposa nyimbo za Azungu zimene gululo linayamba nazo, anaziika patsogolo, cinkana kuti oimba eni ake poyamba sanafune kuimba poyera nyimbo zowakumbutsa ukapolo wa makolo ao. Iye ndiyenso anapatsa gululo dzina lakuti Jubilee Singers, potengera caka ca ufulu cochulidwa m'buku la Levitiko.

Zinthu zinasintha pamene mlaliki wochuka Henry Ward Beecher anawalandira m'chalichi cake ku Brooklyn kumapeto kwa 1871. Anabwerera ku Nashville m'caka ca 1872 ndi madola 20,000. M'caka ca 1873 anaoloka nyanja nakaimba pamaso pa Mfumukazi Victoria, ndipo ndalama za maulendo amenewa zinamanga nyumba ya Jubilee Hall imene inatsegulidwa mu 1876 ndipo ikalipo mpaka lero.

Komatu kupambana kumeneku kunali ndi mtengo wake. Ndalama zitayamba kulowa, akuluakulu a sukulu ndi a mishoni anafuna zocuruka, ndipo masiku oimba anacuruka pamene masiku opumula anacepa. Oimba anadwala, ena anasiya, ndipo panabuka mikangano ya malipiro. Mkazi wa White anamwalira ku Glasgow mu 1874, ndipo White mwini wake anafooka. Nchito yophunzitsa ndi kusunga gulu inagwera Ella Sheppard, woimba piyano amene anabadwira mu ukapolo, amene kwa nthawi yaitali anasenza udindo wa woimbitsa popanda dzina lake. White anasemphana ndi mkulu wa sukulu, Erastus Cravath, pa za kucuruka kwa nchito, ndipo mu 1878, atatha kuyendera dziko la Germany, gulu linaphwasuka. Ambiri mwa oimba oyambirira sanatsirize maphunziro pa sukulu imene anaipulumutsa.

Tikabwerera ku mafunso athu atatu, tiona kuti ku Fisk thumba linali ndi mwini wake wodziwika, ndipo ndalama zinacita zimene zinalonjezedwa. Cimene cinasowa ndi yankho la funso lacitatu. White anali pakati pa sukulu yofuna ndalama ndi oimba ofuna kupuma, ndipo panalibe bwalo limene woimba akanatulako nkhawa zake. Akulu anati ng'oma yolira bwino sicedwa kung'ambika. Woyang'anira woona ndi amene adziwa pamene ayenera kuleketsa oomba.

4. Kucokera ku Virginia Kufika ku Kimberley

Dzina la Jubilee Singers silinafe mu 1878. White anasonkhanitsanso gulu loima palokha, ndipo mu 1882 utsogoleri wake unapita kwa Frederick Loudin, woimba besi wakuda wa ku Ohio, amene kuyambira 1884 mpaka 1890 analiyendetsa ku Mangalande, ku Australia, ku New Zealand, ku India ndi ku Japan. Mmodzi mwa oimba a Loudin, Orpheus McAdoo, amene anaphunzira pa Hampton Institute ku Virginia, anapatuka nakhazikitsa gulu lake, ndipo anafika nalo ku Cape Town mu 1890. Anthu akuda ophunzira a ku South Africa anaona cinthu cimene anali asanaonepo: gulu la anthu akuda, loimba mwaluso, lovala bwino, ndipo wosunga mabuku ndi wopangana ndi eni maholo ali munthu wakuda, woimba mnzao.

Anthu a ku Kimberley atamva gulu la McAdoo, m'caka ca 1891 kunabadwa kwaya imene inadziwika ndi dzina lakuti African Choir. Oimba ake anali Akristu ophunzira m'masukulu a mishoni monga Lovedale. Pakati pao panali Paul Xiniwe ndi mkazi wake Eleanor, Charlotte Manye ndi m'bale wake Katie, ndiponso tianyamata tiwiri. Colinga colengezedwa cinali cofanana ndi ca ku Fisk, ndico kupeza ndalama zomangira sukulu ya nchito zamanja. Kusiyana kwake kunali pa utsogoleri. Gululi linatengera McAdoo pa kaimbidwe, koma linayendetsedwa ndi Azungu awiri, Walter Letty ndi Balmer, wina woona za malonda ndi wina za nyimbo. Sukulu imene ankati adzamanga kunalibe, conco kunalibenso mkulu wa sukulu kapena komiti imene ikanawafunsa za ndalama.

Pa za nyimbo ulendowo unayamba bwino, ndipo mu Julaye 1891 anaimba pamaso pa Mfumukazi Victoria ku Osborne. Koma oyendetsa anakonza zoti mbali ina ya cionetsero oimba azivala zikopa ndi mikanda, mbali ina zovala za Cizungu, kuti omvera aone zimene ankati ndi kusintha kocokera ku cikunja kupita ku citukuko. Aphunzitsi ndi akalaliki anavekedwa zimene sanali kuvala kwao, cifukwa ndizo zinali kukopa anthu ogula matikiti. Posakhalitsa panabuka mkangano wa ndalama pakati pa Xiniwe ndi oyendetsawo, ndipo Xiniwe ndi banja lake anasiya gulu nabwerera kwao. Ulendo unatha ndi ngongole, ndipo sukulu ija sinamangidwe.

Ulendo waciwiri, wa ku Canada ndi ku Amereka, unatha moipa koposa, pakuti oimba anasiyidwa ku Ohio opanda ndalama zobwerera. Anawatola ndi abusa a mpingo wa African Methodist Episcopal, amene anawapezera malo pa Yunivesite ya Wilberforce. Kumeneko Charlotte Manye analandira digiri ya sayansi, ndipo atabwerera kwao, akudziwika ndi dzina la Charlotte Maxeke, anakhazikitsa Bantu Women's League mu 1918. Olemba ena amakonda kutsiriza nkhaniyi ndi mwai umenewu, ngati kuti kusiyidwa kuja kunali dalitso. Ife tiona kuti cifundo ca alendo sicicotsa mlandu wa oyang'anira. Ndipo phunziro la Kimberley ndi lakuti kugawa nchito pakati pa woimbitsa ndi woyendetsa malonda sikuteteza oimba mwa iko kokha, ngati awiriwo ayankha kwa wina ndi mnzake basi.

5. Ohlange, Mishoni ndi Kalela

Sikuti makwaya onse a paulendo anathera m'misozi. John Langalibalele Dube, amene anaphunzira ku Amereka, anakhazikitsa sukulu ya Ohlange pafupi ndi Durban kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo nayenso anagwiritsa nchito kwaya pofuna ndalama zoyendetsera sukulu. Kwaya imeneyi ndiyo inathandiza kufalitsa nyimbo ya Nkosi Sikelel' iAfrika, imene Enoch Sontonga, mphunzitsi ndi woimbitsa kwaya pa sukulu ya mishoni ya Methodist pafupi ndi Johannesburg, anaipeka mu 1897, ndipo cuni cake ndico ca nyimbo ya fuko lathu la Zambia.

Woimbitsa wochuka wa ku Ohlange anali Reuben Caluza, amene anabadwa mu 1895, anaphunzira pa sukulu yomweyo nadzakhala mphunzitsi wake. Caluza ankayenda ndi ophunzira ake m'mizinda ya Natal ndi Transvaal, akuimba nyimbo zopeka yekha zonena za malamulo a malo, za mapasi ndi za moyo wa m'tauni. Mu 1930 anapita ndi kagulu ka oimba ku London kukajambula nyimbo m'mbale za galamafoni za kampani ya His Master's Voice, ndipo pambuyo pake anakaphunzira ku Hampton, kumene McAdoo anaphunzira, ndi ku Columbia, asanabwerere kudzatsogolera maphunziro a nyimbo pa Adams College. Cimene cisiyanitsa Ohlange ndi Kimberley ncoonekeratu. Sukulu inalipo kale, ndipo anthu akanatha kuiona ndi maso. Woimbitsa anali mphunzitsi wolembedwa nchito, wokhala ndi mkulu womuyang'anira. Oimba anali ana a sukulu amene ulendo ukatha ankabwerera m'kalasi, pafupi ndi makolo amene akanatha kufunsa.

Mtundu umenewu wa mphunzitsi woimbitsa ndiwo unafika kwathu kuno. Njira yolembera nyimbo ya tonic sol-fa, imene Sarah Glover anaiyamba ku Norwich ndipo John Curwen anaifalitsa, inali yosavuta kusindikiza ndi kuphunzitsa popanda limba, motero amishoni anaitenga kulikonse kumene anapita. Kum'mawa kwa dziko lino, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika pa Magwero mu 1899, mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi anali yemweyo wotsogolera mapemphero ndi woimbitsa, ndipo ankayang'aniridwa ndi mishoni kumwamba ndi akulu a mpingo ndi nyakwawa pansi.

Anthu a m'migodi nao anapeza njira yao. J. Clyde Mitchell wa ku Rhodes-Livingstone Institute, m'kabuku kake ka 1956 konena za gule wa kalela, anafotokoza gulu la anyamata a Cibisa la ku Luanshya. Ngakhale kalela si kwaya, kakonzedwe kake katiphunzitsa kanthu. Gululo linali ndi mtsogoleri wa gule amene ankapeka nyimbo ndi masitepe, koma linalinso ndi munthu wina wochedwa mfumu, wosankhidwa ndi ovina eni ake, amene ankakonza zonse ndi kusunga zopereka za maulendo opita ku mipikisano m'matauni ena. Panalinso dokotala ndi nesi a gulu. Anyamata amenewa, amene ambiri anali anchito wamba, anagawa maudindo monga a ku Kimberley, koma anaonjezapo cimene cinasowa kuja: wosunga thumba anaikidwa ndi iwo amene ankaponyamo ndalama.

6. Kucokera ku Kalingalinga Kupita ku Texas

Wina anganene kuti zimene takambazi ndi za kale, za nthawi ya atsamunda. Koma patapita zaka zoposa 100 kucokera pa ulendo wa African Choir, zomwezo zinacitikira ana a dziko lino. M'zaka za m'ma 1990, Keith Grimes, mmishoni wa ku Texas amene ankayendetsa bungwe la TTT: Partners in Education, anayamba kutenga oimba a ku Zambia kupita nao ku Amereka. Mu 1998 anatenga gulu la anyamata 12 a ku Lusaka, makamaka a ku Kalingalinga, mmodzi wao ali ndi zaka 11, ndipo linkadziwika ndi dzina lakuti Zambian Acapella Boys Choir. Lonjezo linali lakale lomwe lija la ku Fisk ndi ku Kimberley: anawo adzaphunzira, adzalandira malipiro, mabanja ao adzathandizidwa, ndipo ndalama zina zidzamanga masukulu kwao.

Anyamatawo anaimba m'machalichi ndi m'masukulu, kangapo pa tsiku limodzi, ndipo omvera anapereka mowolowa manja poganiza kuti akuthandiza ana a ku Afirika. Koma maphunziro olonjezedwa sanaoneke, malipiro sanaperekedwe monga anapangana, mapasipoti anali m'manja mwa oyendetsa, ndipo wodandaula ankaopsezedwa kuti abwezedwa kwao mwamanyazi monga mwana wosamvera. Grimes anamwalira mu 1999, koma a m'banja lake anapitiriza nchitoyo. Pamene oyendetsa anaitana a boma oona za olowa ndi oturuka kuti acotse anyamata amene ankati ndi opulupudza, a bomawo anamva mbali ya anawo nayamba kufufuza, ndipo pofika Januwale 2000 onse anali atacoka m'manja mwa bungwelo. Unduna wa za nchito wa dziko la Amereka unapeza kuti bungwelo liyenera kulipira pafupifupi madola miliyoni imodzi, koma palibe amene anaimbidwa mlandu wa upandu. Lamulo la dzikolo loteteza anthu ozembetsedwa linakhazikitsidwa kumapeto kwa caka comweco ca 2000, ndipo lathu la Zambia linadza mu 2008.

Pano mafunso athu atatu onse analibe yankho. Thumba linali ndi munthu mmodzi ndi banja lake. Opereka ndalama anali ku Amereka ndipo sakanatha kuona ngati sukulu yamangidwa ku Lusaka. Makolo ndi mipingo anali ku Lusaka ndipo sakanatha kuona m'mene ana akukhalira ku Texas. Woyendetsa yekha ndiye anali mlatho pakati pa mbali ziwirizi, ndipo mau onse ankadzera mwa iye. Tionenso kuti luso la anawo ndilo linabisa mabvuto ao, pakuti womvera nyimbo yokoma saganiza kuti woimbayo wagona ndi njala. Ici ndico cifukwa cake tinena kuti kukoma kwa nyimbo si umboni wakuti kwaya ikuyendetsedwa bwino.

7. Mau Otsiriza

Taona kuti kuyambira 1871 woimbitsa kwaya wakhala akusenza akatundu awiri, wa nyimbo ndi wa anthu, ndipo kuti waciwiriwu ndiwo wolemera. Ku Fisk munthu mmodzi anasenza onse awiri mokhulupirika, koma oimba analibe kotulira nkhawa, ndipo gulu linatha ndi kutopa. Ku Kimberley akatunduwo anagawidwa pakati pa anthu awiri osayankha kwa wina aliyense. Ku Ohlange ndi m'magulu a kalela woyang'anira anali ndi womufunsa, kaya mkulu wa sukulu kaya anzake omusankha. Ku Texas kunalibe womufunsa konse. Conco funso lakuti kodi woimbitsa akhalenso woyendetsa, kapena maudindowa agawidwe, si ndilo lalikulu. Njira zonse ziwiri zinapambanapo ndipo zinalepherapo. Cacikulu ndi cakuti wogwira udindo wa uyang'aniri, kaya ndi yani, akhale ndi amene adzamuwerengera, ndipo oimba akhale ndi khomo lina logogodapo losakhala lake.

Nkhani imeneyi itikhudza ife aphunzitsi a zinenero m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti m'masukulu ambiri mphunzitsi wa Cinyanja ndiye amapatsidwanso kwaya, popeza ndiye adziwa ndakatulo ndi nyimbo za makolo. Woteroyo ayenera kudziwa kuti walandira udindo wa -yang'anira pamodzi ndi wa -imbitsa: asasunge yekha ndalama, apemphe kuti pakhale msungicuma ndi mlembi osankhidwa ndi ena, awerengere makolo ndi oimba zolowa ndi zoturuka ulendo uliwonse ukatha, ndipo polemba ndondomeko ya ulendo alembemo maola opumula monga alembera maola oimba. Kucita zimenezi kumateteza oimba, komanso kumateteza woimbitsa mwini wake ku mijedo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Yaciwiri ndi ya cinenero ceniceni. Malamulo a makwaya athu ambiri, makalata opempha cilolezo ndi mapangano a maulendo amalembedwa m'Cingerezi, pamene agogo ndi azakhali amene alera ana ambiri oimba amawerenga Cinyanja, kapena amadalira wina kuwamasulira. Ngati womasulirayo ndi yemweyo wofuna kutenga mwana, cilolezo cotero ncokayikitsa. Ndi nchito yathu kukonza mau omveka a zinthu zimenezi, monga pangano, malipiro, nthawi ya ulendo, wosunga mapasipoti ndi kokadandaula, ndi kulemba zitsanzo za malamulo a kwaya m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino, zimene sukulu kapena mpingo uliwonse ungatengereko.

Pomaliza, mbiri ya oimbitsa makwaya a m'Zambia muno ikuyembekeza oilemba. Aphunzitsi opuma nchito amene anayendetsa makwaya a mishoni, a m'migodi ndi a pa wailesi akali m'midzi ndi m'makomboni mwathu, ndipo ena akusungabe mabuku a zopereka ndi makalata a maulendo. Tikulimbikitsa ophunzira athu ofufuza kuti pokaceza nao asafunse za nyimbo zokha, koma afunsenso m'mene ankapezera galimoto, amene ankasunga ndalama, ndi zimene ankacita woimba akadwala panjira.